Ankhoswe, Mabwalo ndi Maloya: Mbiri ya Milandu ya Ukwati ku Chilwa

Nyanja ya Chilwa iri kum'mawa kwa phiri la Zomba. Munthu wochokera pa Boma la Zomba, akatsata mseu wa ku Kachulu, ayenda makilomita ngati 30 nafika pa dooko pamene mabwato amanyamukira kunka ku chilumba cha Chisi. Dziko la tsidya lino la nyanja ndi lachidikha, ndipo liri m'manja mwa Mfumu Mwambo ndi Mfumu Kuntumanji. Eni ake ndiwo Anyanja, amene anakhalako kuyambira kale. Ayao, amene anafika m'zaka za m'ma 1860. Ndi Alomwe, amene anayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku dziko la Apwitikizi cha m'ma 1900. Anthuwa amalima chimanga ndi mpunga, napha matemba, makumba ndi milamba.

Milandu yochuluka ya m'midzi imeneyi si ya kuba kapena kupha munthu ai. Ndi milandu ya m'nyumba: mwamuna wathawa mkazi, mkazi wakana mwamuna, ana alibe wowagulira zobvala, wamasiye walandidwa katundu maliro asanathe. Pa mlandu wotere munthu salankhula yekha. Pafunika wina womlankhulira. Kwa mibadwo yambiri womlankhulirayo anali nkhoswe. Loya anafika mochedwa, ndipo atafika anapeza khomo la bwalo la maukwati liri lotseka. Mbiri ya khomo limenelo ikhudza Mai Vera Chirwa, mkazi woyamba wa dziko la Malawi kukhala loya, amene anakhala zaka zambiri m'ndende ya Zomba. Wowerenga asasokonezeke ndi maina: a Chirwa kwao ndi ku Mpoto, ndipo dzina lao liribe chibale ndi nyanja ya Chilwa.

Ankhoswe

Mitundu itatu ija, ngakhale isiyana zinenero, imawerenga pfuko kuchikazi. Mwana ndi wa kwa amai ake. Mwamuna amayang'anira alongo ake pamodzi ndi ana ao; imeneyo ndiyo mbumba yake, ndipo iye ndiye mwinimbumba. Mnyamata akakwatira amanka kukakhala kwao kwa mkazi, namanga nyumba kumeneko, nalima munda umene apongozi amlozera. Ukwati wotere ndiwo chikamwini. Iye sapereka ng'ombe monga achitira Angoni a ku Mzimba. Chimene chimamanga ukwati wake ndi chinkhoswe.

Mnyamata amauza malume ake kapena mkulu wake kuti waona mbeta m'mudzi wakutiwakuti. Iwo amanka kukaonana ndi malume a mtsikana, ndipo akamvana amapangana tsiku. Pa tsikulo akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi napereka thadzi, ndipo anthu onse amaona ndi maso ao amene ayimira mbali iyi ndi amene ayimira mbali inayo. Amenewo ndiwo ankhoswe. Asilamu amachititsanso ndowa pamaso pa shehe, Akhristu nakadalitsa ukwati ku tchalitchi, koma shehe ndi mbusa yemwe amayamba afunsa ngati ankhoswe alipo.

Nchito ya nkhoswe siithera pa tsiku la nkhuku. Mkazi akadwala, mwamuna amauza nkhoswe. Mwana akamwalira, uthenga umadzera kwa nkhoswe. M'nyumba mukabuka ndeu, awiriwo sathamangira kwa mfumu, koma amaitana ankhoswe a mbali zonse, nakhala pansi mpaka nkhani itazizira, pakuti akulu ndi m'dambo mozimira moto. Zikakanika, ankhoswe omwewo amapita nao kwa nyakwawa, ndipo ukwati ukatha ndiwo amachitira umboni kuti awa asudzulana. Anthu ongolowana opanda ankhoswe mwambo sunali kuwayesa okwatirana, mwamuna wotere sakanatha kulipiritsa mnzake chigololo, pakuti akulu anali kumfunsa kuti, “Kodi mkaziyu anakupatsa ndani?”

Chikamwini chinali kumtchinjiriza mkazi m'njira imene malamulo a ku Mangalande a masiku omwewo sanaidziwe. Ukwati ukatha, mkazi anali kutsala pa mudzi pake ndi ana, nyumba ndi munda. Mwamuna ndiye anali kunyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangete lake nabwerera kwao. Ndipo ngati sanammangire mkaziyo nyumba, bwalo linali kumlamula kuti ayambe wamanga. Koma mwambowo unali ndi minga yake. Mkamwini anali mlendo moyo wake wonse, wopanda mau pa ana obala yekha. Mkazi womenyedwa kawirikawiri anali kungouzidwa kuti banja ndi kupirira. Ndipo bambo akamwalira, chuma chimene anapeza ndi manja ake chinali kunka kwa abale ake ndi ana a alongo ake, osati kwa ana ake. Pamene chuma cha munthu chinali mphasa ndi mbuzi ziwiri, ichi sichinapweteke kwambiri. Chinayamba kupweteka zitafika njinga, makina osokera, nyumba za malata ndi ndalama za ku banki.

Lamulo la Azungu

Angerezi anatenga dziko lino m'chaka cha 1891, naika likulu lao ku Zomba. M'chaka cha 1902 anakhazikitsa Bwalo Lalikulu la Milandu, nalamula kuti pa milandu ya anthu akuda mwambo utsatidwe, pokhapokha ngati usemphana ndi chimene iwo anachiyesa chilungamo. Chaka chomwecho anapanga lamulo la ukwati wolembetsa ku Boma, ndiwo ukwati wa mkazi mmodzi, wosalola mitala. Lamulo la kuthetsa ukwati wotere linatuluka mu 1905, ndipo mphamvu ya kuuthetsa inapatsidwa kwa Bwalo Lalikulu lokha, limene linali ku Blantyre. Tsono munthu wa ku Kachulu amene akadakwatira mwa lamulo limeneli, ukwati nkumkanika, akadayenera kuyenda masiku angapo, kufuna loya wachizungu ndi kumlipira ndalama zoposa zimene akadapeza pa zaka zambiri. Nchifukwa chake ukwati umenewu anthu a m'midzi anauleka kutali. M'chaka cha 1923 Boma linalola Akhristu kudalitsa ukwati ku tchalitchi ndi kuulembetsa, koma pamaso pa lamulo ukwatiwo unakhalabe wamwambo, womangidwa ndi ankhoswe.

M'chaka cha 1933 mafumu akulu anapatsidwa mabwalo obvomerezeka ndi Boma. Mfumu inali kuweruza pamodzi ndi nduna zake, kalaliki nalemba m'buku, ndipo wosakhutira anali kuchita apilo kwa Bwana D.C. Milandu ya ukwati, chigololo ndi mimba inadzaza mabuku amenewo. Anali masiku a msonkho ndi thangata, pamene amuna ambiri ananka ku Halale ndi ku Joni, ena osabweranso. Mkazi wa mtchona anali kufika pa bwalo ndi funso lobvuta: adikire zaka zingati asanakwatiwenso? Ndipo mtchonayo akatulukira ndi sutukesi yake, mwana wobadwa iye kulibe ndi wa yani?

Mphunzitsi wina wa mbiri ndi malamulo, Martin Chanock, anafufuza milandu ya masiku amenewo m'dziko lino ndi la Zambia, natulutsa buku m'chaka cha 1985. Iye anaonetsa kuti zambiri zimene mabwalo anazitcha mwambo wa makolo zinaumbidwa m'zaka zomwezo, pamene akulu a m'midzi, poona kuti akazi ndi anyamata ayamba kuwapulumuka, anauza Azungu malamulo olimba koposa a kale. Pa mabwalo amenewa loya sanali kuloledwa kulankhula. Boma linati mwambo ndi wa mafumu, ndipo munthu wa mabuku angousokoneza.

Loya ndi nchito yake

Ku Mangalande maloya ali a mitundu iwiri. Wina amakhala mu ofesi, nalandira anthu, nawalembera makalata a mlandu. Wina ndiye amaimirira pamaso pa jaji, atabvala mkanjo wakuda ndi tsitsi loyera lochita kupanga, nafunsa mboni ndi kutsutsana ndi mnzake wa mbali ina. Wachiwiriyu amamutcha barrister. Kuti munthu akhale barrister ayenera kulowa m'limodzi la mabungwe anai akale a mu London, ndi kupambana mayeso. Ku Malawi nchito ziwirizi amagwira munthu mmodzi.

Loya asiyana ndi nkhoswe m'zinthu zazikulu. Nkhoswe salandira malipiro. Awadziwa awiriwo kuyambira ali ana. Ndipo mlandu ukatha adzakumanabe nao pa maliro ndi pa chitsime. Chifukwa cha ichi iye afuna mtendere koposa zonse, ngakhale mtenderewo nthawi zina ulemera mbali imodzi. Loya ndi mlendo wolipidwa, woimira munthu mmodzi yekha. Sachita manyazi ndi apongozi, saopa malume. Chimene chimchititsa kuoneka wouma mtima ndicho chomwe chimchititsa kukhala wofunika kwa munthu amene mudzi wonse wamuukira.

Munthu wakuda woyamba wa Nyasaland kukhala barrister anali Bambo Orton Chirwa, wa ku Nkhata Bay, wobadwa m'chaka cha 1919. Anaphunzira ku Fort Hare, ku South Africa, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1950 anali kuphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ku Domasi, m'mbali mwa mtsinje umene umatsikira ku Chilwa. Anakwatira Vera m'chaka cha 1951. Pambuyo pake ananka ku London, nalandiridwa monga barrister ku Lincoln's Inn m'chaka cha 1958. Pobwera kwao anapeza dziko liri pa moto chifukwa cha Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kotero kuti nthawi ya milandu ya maukwati analibe. M'mwezi wa March 1959 Boma linamanga atsogoleri a Congress, ndi iwo omwe. Atatuluka anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party chaka chomwecho, nachipereka kwa Dr. Kamuzu Banda pamene anamasulidwa mu 1960. Mai Chirwa, pamodzi ndi Mai Rose Chibambo, anali pakati pa oyambitsa bungwe la amai la chipanicho.

M'chaka cha 1962, Bambo Chirwa ali pa nchito mu Unduna wa Zachilungamo, lamulo latsopano linachotsa mabwalo m'manja mwa mafumu, nilipatsa bwalo lirilonse wapampando wake wosankhidwa ndi Boma. Ufulu utadza pa 6 July 1964 iwo ndiwo anali Nduna ya Zachilungamo. Koma patangopita miyezi iwiri nduna zinayambana ndi Dr. Banda, ndipo Bambo Chirwa anathawira ku Tanzania. Mai Chirwa, amene anaphunzira malamulo ku London nakhala barrister chapakati pa zaka za m'ma 1960, sanathe kubwera nao maphunziro ao ku dziko la kwao. Anagwira nchito ya loya wa Boma ku Dar es Salaam, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa malamulo pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Motero amai a ku Malawi, atangopeza loya wao woyamba wamkazi, anamtaya asanamuone.

Bwalo la maukwati lisanduka bwalo la imfa

Iwo ali kunja, zinthu zitatu zinachitika ku mudzi. Choyamba, katswiri wa malamulo wa ku Nigeria, J. O. Ibik, anayendera dziko lino, nakhala pansi ndi mafumu ndi akulu a mitundu yosiyanasiyana, nalemba malamulo ao a ukwati ndi kusudzulana m'buku limene linatuluka ku London mu 1970. Kuyambira pamenepo chinkhoswe chinalowa m'mabuku a maloya.

Chachiwiri chinali lamulo la chuma cha masiye la 1967. Linati munthu akhoza kulemba wilo, ndiyo kalata yonena m'mene chuma chake chidzagawidwire iye atamwalira. Koma mwamuna wa dziko la chikamwini akafa wopanda wilo, chuma chake chinali kugawidwa pasanu: magawo awiri kwa mkazi, ana ndi ena amene anali kudalira malemuyo, magawo atatu kwa olowa chuma mwa mwambo. Abale ambiri sanadikire kuwerenga magawo. Anali kufika ndi ngolo kapena galimoto, natenga zonse, mpaka mbale ndi zofunda.

Chachitatu ndicho chachikulu. M'zaka za 1968 kufikira 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi m'madera ena a Blantyre. Boma linakwiya poona kuti oganiziridwa anamasulidwa ndi majaji chifukwa cha kuchepa kwa umboni. Tsono m'chaka cha 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha mabwalo ang'ono aja niwatcha mabwalo a miyambo. Pamwamba pao inaikapo mabwalo atatu a zigawo ndi bwalo limodzi la apilo la dziko lonse, ndipo amenewa anapatsidwa mphamvu ya kuweruza milandu ya kupha munthu, kenaka ndi ya kuukira Boma, ndi kugamula kuti munthu anyongedwe. Ambiri a oweruza ake anali mafumu. Majaji achingerezi a Bwalo Lalikulu anatula pansi nchito. Lamulo lakale lija loletsa loya, limene linapangidwira milandu ya tambala ndi thadzi, linatsala m'malo mwake. Munthu anali kuyankha mlandu wa moyo wake ali yekha, wopanda loya, wopandanso nkhoswe.

Pa 24 December 1981 Bambo ndi Mai Chirwa anagwidwa cha ku malire a Zambia ndi Malawi, pamodzi ndi mwana wao mmodzi. Iwo ananena kuti anabedwa ali m'dziko la Zambia; Boma linati analowa okha m'Malawi. Anaimbidwa mlandu wa kufuna kugwetsa Boma pa bwalo la miyambo la Chigawo cha Kum'mwera, ku Blantyre, kuyambira m'chaka cha 1982. Anthu awiri ophunzira malamulo ku London anaima pa bwalo limene loya sanali kuloledwa, nadzilankhulira okha, nafunsa okha mboni za Boma. Mboni zao za kunja kwa dziko zinakanidwa. M'mwezi wa May 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo apilo yao inakanidwa chaka chotsatira. Maiko ndi mipingo, makamaka mpingo wa ku Scotland, anadandaula kwambiri, ndipo mu June 1984 Dr. Banda anasintha chilangocho kuti chikhale ndende ya moyo wonse.

Anawasunga m'ndende yaikulu ya Zomba, mwamuna kwa yekha, mkazi kwa yekha. Anali m'linga limodzi, koma anatha zaka 8 osaonana. Palibe jaji anathetsa ukwati umenewo, palibe nkhoswe anausudzula; unangodulidwa ndi khoma. M'mwezi wa September 1992 maloya a ku Mangalande analoledwa kuwazonda, ndipo tsiku limenelo awiriwo anaonana. Bambo Chirwa anali atafooka, maso ndi makutu zitayamba kufa. Anamwalira m'ndende momwemo pa 20 October 1992, ndipo mkazi wao sanaloledwe kukaika maliro. Mai Chirwa anatulutsidwa pa 24 January 1993, atakhala m'manja mwa Boma zaka 11 ndi mwezi umodzi.

Khomo litseguka

Pa 14 June 1993 anthu a Malawi anasankha kuti kukhale zipani zambiri. Chaka chomwecho mabwalo a zigawo aja anaimitsidwa. Malamulo Aakulu a dziko a 1994 anapatsa munthu aliyense woimbidwa mlandu ufulu wa kukhala ndi loya, nalamula kuti mabwalo a miyambo, ngati Nyumba ya Malamulo iwakhazikitsanso, aweruze milandu ya mwambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha. Milandu ya maukwati a chinkhoswe inasamukira kwa majisitireti, kumene loya ali ndi ufulu wa kulankhula.

M'Malamulo Aakuluwo muli ndime ziwiri zoyenera kuzidziwa munthu aliyense wa pa banja. Ndime 22 iletsa kukakamiza munthu ukwati, ndipo ibvomereza maukwati onse: wa ku Boma, wamwambo, ndi wa anthu amene akhala pamodzi nthawi yaitali mpaka onse awadziwa monga banja. Ndime 24 inena kuti ukwati ukatha mkazi alandire gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, ndi chithandizo choyenera cha iye ndi ana.

Mai Chirwa anatuluka ali ndi zaka 60. Sanatsegule ofesi ya kudikira anthu a ndalama. Anaona kuti lamulo lolembedwa m'Chingerezi, losungidwa m'tauni, silifika kwa wamasiye wa ku mudzi. Anayambitsa mabungwe awiri, la Women's Voice mu 1993 ndi la Malawi CARER mu 1994, ophunzitsa anthu wamba ufulu wao ndi kupereka uphungu wa malamulo kwaulere. Mabungwe otere anaphunzitsa alangizi a malamulo, anthu amene si maloya koma adziwa lamulo mokwanira kuuza munthu pamene ayima ndi khomo limene ayenera kugogoda. Mlangizi wotere ali pakati pa nkhoswe ndi loya: alankhula chinenero cha pa mudzi monga nkhoswe, koma alibe chibale chomtseka pakamwa. Bungwe la maiko a Africa loona za ufulu wa anthu linagamula kuti mlandu wa a Chirwa sunayende mwachilungamo popeza anamanidwa loya. Ndipo pambuyo pake Mai Chirwa anasankhidwa kukhala mmodzi wa akulu a bungwe lomwelo, napatsidwa mu 2000 nchito ya kuyendera ndende za mu Africa. Mbiri ya moyo wao anailemba okha m'buku la Fearless Fighter, la 2007.

Pa nthawi imeneyi maloya sanali kuchokeranso ku London kokha. Maphunziro a malamulo anayamba ku Mpemba, nasamukira ku Chancellor College ku Zomba m'chaka cha 1973, ndipo akazi analowa nao. Mai Anastasia Msosa anakhala jaji woyamba wamkazi wa Bwalo Lalikulu, ndipo mu 2013 anakhala mkulu wa majaji onse. Maloya aakazi ndi mabungwe a amai ndiwo anakankha malamulo a banja amene alipo lero, ngakhale nchitoyo inayenda ngati nkhono. Kulanda chuma cha masiye kunayesedwa mlandu wa ndende mu 1998. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linadza mu 2006. Mu 2011 lamulo latsopano la chuma cha masiye linafafaniza magawo asanu aja, niliika mkazi kapena mwamuna wotsala, pamodzi ndi ana, patsogolo pa malume ndi adzukulu. Bungwe lounika malamulo linatsiriza lipoti lake la maukwati mu 2006, koma Nyumba ya Malamulo inalibvomereza patapita zaka 9, mu 2015. Lamulo la 2015 linasonkhanitsa maukwati a mitundu yonse pansi pa denga limodzi, niliika zaka 18 kukhala msinkhu wa ukwati. Ndipo mu 2017 Malamulo Aakulu anakonzedwa kuti makolo asathenso kuloleza mwana wa zaka 15 kukwatiwa.

M'mbali mwa nyanja lero

Nyanja ya Chilwa iribe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Mvula ikachepa zaka zotsatana imaphwa: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ouma. Nsomba zikachuluka kumafika asodzi ndi ogula a kutali. Ena amakhala miyezi pa madzi m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera, ena amapeza akazi pa dooko nalowana nao popanda nkhoswe. Nyanja ikauma amunawo amanka ku Chiuta, ku Malombe, ku Mozambique kapena ku Joni, ndipo funso la mkazi wa mtchona limabweranso m'chobvala chatsopano.

Mkazi wotsala ndi ana amayamba kwa ankhoswe ngati alipo, kenaka kwa nyakwawa. Ngati pali kumenyana amanka ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo khoti likhoza kupereka chikalata choletsa mwamuna kumyandikira. Zikakanika zonsezi mlandu umalowa kwa majisitireti. Milandu yaikulu ndi ya apilo imanka ku Bwalo Lalikulu, limene mwa lamulo la 2016 linapatsidwa nthambi yake ya za mabanja ndi chuma cha masiye. Maloya olipidwa ali m'matauni, ndipo mtengo wao suyenerana ndi thumba la wogulitsa matemba. Wosauka amadalira ofesi ya Boma ya Legal Aid Bureau, imene inayamba nchito mu 2015 ndipo iri ndi ofesi ku Zomba. Koma anthu ofuna thandizo ndi ambiri koposa maloya ake, ndipo amai ochuluka amaimabe okha pamaso pa majisitireti.

Loya akaulandira mlandu wotere, nchito yake yaikulu siiri m'kulankhula mokweza pa khoti. Amayamba wamvetsera. Amafunsa kuti ukwatiwo unamangidwa bwanji, pakuti yankho lake ndilo lionetsa bwalo loyenera ndi mboni zofunika. Amalemba katundu mmodzimmodzi: bwato, makoka, njinga, malata, mbuzi, matumba a mpunga, nafunsa chaka chimene chinthu chirichonse chinagulidwa ndi kumene ndalama inachokera. Mwamuna amakonda kunena kuti bwato ndi lake chifukwa ndalama inatuluka m'thumba mwake. Koma lamulo la 2015 liuza khoti kuwerengera ndi nchito ya pakhomo yomwe. Mkazi amene anali kuyanika matemba, kuphikira alovi, kutunga madzi ndi kulera ana anathandiza kugula bwatolo, ngakhale sanagwire ndalama m'manja. Za ana, khoti silifunsanso kuti ndi mbumba ya yani; lifunsa kumene mwanayo adzakhala bwino, ndipo bambo salekeka kupereka chithandizo chifukwa chakuti ana ali kuchikazi. Apa mwambo ndi lamulo zimagundana, ndipo pali malume ambiri amene sanabvomerezebe mumtima.

Pa ukwati wa chinkhoswe mboni yoyamba imene khoti lifuna kumva ndi nkhoswe yemwe uja, pakuti ndiye adziwa tsiku la nkhuku ndi milandu yonse imene anaizimitsa. Mlandu wobvuta ndi wa mkazi wa pa dooko, wolowana popanda nkhoswe. Kale akadabwezedwa pa khomo pomwe. Lero khoti likhoza kuubvomereza ukwati wake, koma lamulo lifuna umboni wakuti awiriwo anakhala pamodzi zaka zosachepera 5, kuti anali kuthandizana pa chuma, ndi kuti anthu anawadziwa monga mwamuna ndi mkazi wake. Kalata palibe. Loya amafuna khadi la ku sikelo la mwana woyamba, buku la nyakwawa, anansi oyandikana nao nyumba, ndi mwini bwato amene mwamunayo anali kugwirako nchito. Anthu a kumeneko sasunga masiku a pa kalendala, koma zaka za nyanja amazikumbukira bwino. Mboni ikanena kuti awiriwa analowana nyanja isanaume, madzi akali kufika pa dooko la Kachulu, loya amalemba 2018 pa pepala lake nayamba kuwerenga.